Khofi ndi Tiyi: Chuma Choyambira pa Nazale

Boma la Angerezi litangokhazikika m'dziko muno m'zaka za m'ma 1890, pa chizindikiro chake lidaikapo mtengo wa khofi. Fodya adali asanatchuke, tiyi adali timitengo towerengeka chabe ku Mulanje, ndipo mzungu aliyense wofika kumapiri a Blantyre ndi Zomba ali ndi kandalama m'thumba ankakhulupirira kuti chuma cha dziko lino chagona m'khofi. Komwe kudachokera chikhulupiriro chimenechi n'kwakung'ono zedi. Mu 1878 Jonathan Duncan, amene ankasamala dimba la mishoni ya Blantyre, adabwera ndi timitengo ta khofi kuchokera kumunda wa zomera wa ku Edinburgh, m'dziko la Scotland. Mbiri imati kamodzi kokha ndiko kadapirira, ndipo njere za kamtengo kameneka n'zomwe zidabala minda yoyamba. John Buchanan ndi abale ake adatsegula minda ikuluikulu ku Zomba, ena n'kutsatira, moti pofika 1900 khofi ndiye ankatsogola pa katundu wotuluka m'dziko muno.

Chisangalalocho sichidakhalitse. Dziko la Brazil lidadzaza misika ndi khofi wake, mitengo idagwa, ndipo kuno chilala ndi tizilombo zidamaliza ntchito. Pasanathe zaka khumi eni minda ambiri adazula khofi n'kudzala thonje ndi fodya. Koma ku Mulanje, komwe mvula sisowa, munthu wina dzina lake Henry Brown adali atayamba kale kuyesa china. Iyeyu adakhalapo ku Ceylon, dziko limene lero timati Sri Lanka, komwe matenda a dzimbiri la masamba adapha minda ya khofi pachilumba chonse, alimi n'kutembenukira ku tiyi. Mu 1891 adadzala tiyi ku Mulanje ndi njere zochokera ku mishoni ya Blantyre. Njanji itafika ku Blantyre mu 1908 kutumiza katundu kunja kudaphweka, ndipo tiyi adakwera mapiri a Thyolo, komwe esiteti ya Satemwa idatsegulidwa mu 1923.

Minda imeneyi sidamere m'tchire lopanda mwini. Malo adatengedwa kwa mafumu pamtengo wosanunkha kanthu, ndipo anthu okhala pa malowo, ambiri mwa iwo Alomwe ochokera ku Mozambique, ankalipira lendi ndi thukuta lawo pa thangata. Kuchepa kwa malo olima komwe Thyolo ndi Mulanje akulira nako lero kudayambira pamenepa. Nkhani ya mlimi wamng'ono wa tiyi siingamveke bwino popanda kukumbukira zimenezi, chifukwa munthu amene tikumulangiza kuti adzale mbewu yosadyeka pa kamunda kake ndi yemweyo amene agogo ake adasiyidwa ndi ndime yosakwana.

Kanthambi ka tsamba limodzi

Ukadzala mbewu ya chimanga yolakwika umalira chaka chimodzi, dzinja linalo n'kusintha. Tiyi ndi khofi sizipereka mwayi umenewo. Mtengo wa tiyi umakhala zaka zoposa 50, ndipo ku Mulanje ilipo minda yomwe idadzalidwa dziko lino lisanalandire ufulu koma akuthyolamobe masamba. Mbande yomwe mlimi waika m'dzenje lero ndiyo idzaphunzitse ana ake, kapena kuwasaukitsa. Akuluakulu adati m'mera mpoyamba, ndipo pa mbewu ziwirizi poyambapo ndi pa nazale.

Kale tiyi ankadzala njere. Vuto lake n'lakuti maluwa a tiyi amalandira mungu wochokera ku mtengo wina, choncho njere za mtengo wabwino sizibala mitengo yofanana ndi make. M'munda umodzi mumapezeka mtengo wobereka kwambiri, wina waulesi, wina wofota dzuwa likangowomba. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 akatswiri a ku Mulanje adayamba kuyenda m'minda kusankha mitengo yochita bwino, n'kumaichulukitsa ndi tinthambi m'malo mwa njere, chifukwa kanthambi kamatengera make m'zonse. Ntchitoyi idakula pansi pa bungwe la Tea Research Foundation of Central Africa, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1966 ndipo likulu lake lili pa Mimosa. Kumeneko kudatuluka mitundu monga SFS 150, SFS 204, PC 105 ndi PC 108, yomwe idafika ku Zimbabwe, ku Zambia ngakhalenso ku Kenya. Ndi Amalawi ochepa amene amadziwa kuti tiyi wosankhidwa m'tsinde mwa phiri la Mulanje akulimidwa m'mayiko ena, ndipo ndi chinthu choyenera kunyadira nacho. Kafukufuku wa tiyi kuno ali ndi mbiri yakale ndithu: mu 1933 H. H. Storey ndi R. Leach adatulukira kuti matenda ochititsa masamba a tiyi kukhala achikasu, omwe ankawopseza minda ya ku Mulanje, ankadza chifukwa chosowa mchere wa safa m'nthaka, ndipo feteleza wokhala ndi safa adapulumutsa mindayo.

Ntchito ya pa nazale imayamba m'mamawa, dzuwa lisanakwere. Pa mitengo yosungidwira mbewu, yomwe saithyola masamba kuti nthambi zitalike, amadula nthambi n'kuziika m'madzi nthawi yomweyo. Nsonga yanthete amataya, kutsinde kokhwima kofiirira amatayanso. Chofunika ndi pakati, pobiriwira koma polimba. Pamenepo wodula amatenga lumo lakuthwa n'kudula tizidutswa, kalikonse kokhala ndi tsamba limodzi, diso limodzi pomwe tsambalo lagwirana ndi nthambi, ndi kamtengo ka masentimita atatu kapena anayi kunsi kwake. Lumo lobuntha limaphwanya khungwa, ndipo pophwanyikapo ndi pomwe kuwola kumayambira. Kanthambiko amakabaya m'chubu mopendeketsa pang'ono, kuti tsamba lisagone pa dothi, n'kutsindira ndi zala ziwiri.

Dothi la m'chubumo nalonso lili ndi mwambo wake. Tiyi amakonda nthaka ya asidi, ya pH ya pakati pa 4.5 ndi 5.5, choncho dothi la pachulu, la pamalo pomwe adatenthapo zinyalala kapena losakanizika ndi phulusa silifunika. Pansi pa chubu amaika dothi lachonde lapamwamba, ndipo kumtunda amaika katondo wofiira wokumba pansi, wopanda manyowa. Ambiri amadabwa nazo, poganiza kuti chonde chiyenera kukhala pafupi ndi mbewu. Koma kanthambi kopanda mizu sikadya kanthu. Mukakabaya m'manyowa kamangotupa pa bala, mwina kuwola kumene, pamene m'dothi losauka kamatulutsa mizu yomwe imatsika kukafuna chakudya pansi. Akatha kubaya amathirira, n'kuphimba bedi lonse ndi pepala la pulasitiki pa timitengo topinda, m'mbali n'kukwirira ndi dothi kuti chinyontho chisathawe. Pamwamba pake pamakhala shedi ya udzu. M'mawa mukasuzumira mumaona madontho a madzi atalendewera m'kati mwa pepalalo. Akasowa, ndiye kuti penapake pabooka.

Mizu imayamba kuoneka pakatha miyezi iwiri kapena itatu. Kuchokera pamenepo ntchito ndi yozoloweza mbande moyo wa kumunda: kutsegula pepala pang'onopang'ono, kuyamba kupereka feteleza wosungunula m'madzi, kupatulira udzu wa pa shedi mpaka mbande zizitha kupirira dzuwa lonse. Pamenepa m'pomwe anthu ambiri amapupuluma. Mbande yochotsedwa pa mthunzi lero n'kukaiika kumunda mawa imaoneka yokongola sabata yoyamba, kenaka imapsa. Zonse pamodzi, mbande ya tiyi imakhala pa nazale chaka chathunthu mpaka chaka ndi theka. Palinso luso lina lomwe a pa Mimosa adalilimbikitsa, lomezanitsa mitundu iwiri: kunsi mtundu wa mizu yamphamvu yopirira chilala, kumtunda mtundu wa masamba okoma. Mbande yotere imadya nthawi ndi luso, koma m'dziko lomwe mvula imasiya kwa miyezi isanu kapena kuposerapo, mizu ndiyo moyo wa munda.

Tsopano tiwerengere. Podzala pa mpata wa mita 1.2 pakati pa mizere ndi masentimita 75 pakati pa mitengo, hekitala imodzi imadya mbande zoposa 11,000. Mlimi wa kamunda ka gawo limodzi mwa magawo anayi a hekitala akufunika mbande pafupifupi 2,800, osawerengera zopakiza pomwe zafa. Akawokera ndi mvula ya Disembala kapena Januwale, adikira zaka zitatu kuti ayambe kuthyola kolozeka, ndipo munda umafika pachimake patapita zaka zina zingapo. Nthawi yonseyi akupalira, kuphimbira, kulimbana ndi chiswe, kugula feteleza, pa malo omwe akadadzalapo chimanga kapena chinangwa. Chomwe chimatsekereza mabanja ambiri kulowa mu ulimi wa tiyi si ulesi kapena umbuli. Ndi mtengo wa mbande ndi njala ya zaka zodikirazo.

N'chifukwa chake nazale payokha yasanduka bizinesi. Gulu la alimi lokhala ndi madzi osaphwa pafupi, malo ochepa ndi manja osamala lingathe kulera mbande zikwizikwi pa kadera kosakwanira ngakhale kulimapo chimanga cha mwezi umodzi, ndipo ntchito yake yambiri, yodzaza machubu, kudula ndi kubaya, amayi ndi achinyamata amaigwira bwino. Koma bizinesiyi imayenda pa chikhulupiriro. Mbande za tiyi zikakhala zazing'ono zimaoneka zofanana, ndipo wogula sangadziwe mtundu poyang'ana ndi maso. Wogulitsa wachinyengo angathe kudula nthambi m'munda uliwonse n'kuzitchula dzina lotchuka, wogulayo n'kudzazindikira patatha zaka zinayi, atataya kale malo ndi mphamvu. Mlimi wanzeru amafunsa komwe tinthambi tidachokera, ndipo amang'amba chubu chimodzi kuti aone mizu ndi maso ake. Masamba obiriwira amanamiza. Mizu yopiringizika pansi pa chubu, kapena yochepa, imanena zoona.

Alimi ang'onoang'ono adalowa mu tiyi mochedwa. Bungwe la Smallholder Tea Authority lidakhazikitsidwa mu 1967 kuti liziwapatsa mbande, ngongole ndi ulangizi, ndipo litatha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 alimiwo adayamba kudzisonkhanitsa m'magulu monga Sukambizi ndi Thuchila ku Mulanje ndi Msuwadzi ku Thyolo, n'kumagulitsa masamba ku mafakitale a maesiteti oyandikana nawo. Dziko lino limapanga tiyi wokwana matani pakati pa 40,000 ndi 50,000 pachaka, koma gawo la alimi ang'onoang'ono ndi lochepa kwambiri, pamene ku Kenya alimi otere ndiwo amalima tiyi woposa theka. Kusiyana kumeneku kumandiwawa, chifukwa nthaka ndi luso tili nazo.

Chofooketsa mlimi wa tiyi n'chakuti katundu wake sasungika. Masamba awiri kapena atatu ndi nsonga, othyoledwa m'mawa, ayenera kukwera sikelo ndi kufika ku fakitale tsiku lomwelo. Akakhalitsa m'dengu atatsindiridwa amatentha n'kufiira, ndipo oyeza amawakana. Mlimi wa mtedza angatseke thumba n'kudikira mtengo wabwino, koma wa tiyi alibe podikirira. Komanso masamba ambiri amabwera nthawi imodzi, kuyambira Disembala mpaka Epulo, pomwe munda umafuna kuthyoledwa pafupifupi sabata iliyonse ndipo ntchito ya m'munda wa chimanga nayo ili pakhosi. Makilogalamu anayi ndi theka a masamba aawisi ndiwo amatulutsa kilogalamu imodzi ya tiyi wouma, yemwe amagulitsidwa pa okushoni ya ku Limbe kapena mwachindunji kwa ogula a ku Britain, South Africa ndi kwina. Ubwino wake ndi umodzi waukulu: ndalama ya tiyi imabwera mwezi ndi mwezi, ndipo imachuluka m'miyezi ya njala yeniyeni, pomwe mlimi wa fodya akadali pa ngongole.

Khofi adathawira kumpoto

Khofi atagwa kummwera sadafe. Adapeza kwawo kwina m'mapiri a kumpoto, ndipo kumeneko adakhala mbewu ya anthu wamba. Ku Misuku, m'boma la Chitipa, mabanja akhala akulima khofi kuyambira m'zaka za m'ma 1930, nthawi zambiri pansi pa nthochi, monga amachitira anansi awo kutsidya kwa mtsinje wa Songwe ku Tanzania. Boma lidakhazikitsa Smallholder Coffee Authority m'zaka za m'ma 1970. Mu 1999 bungweli lidasanduka Smallholder Coffee Farmers Trust, ndipo mu 2007 lidakhala Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union, mgwirizano wa makopaletivi a ku Misuku, Phoka, Viphya, mapiri a Nkhata Bay, kummwera chakum'mawa kwa Mzimba ndi Ntchisi. Apa pali kusiyana kwakukulu ndi tiyi: makina okonzera khofi ndi dzina lomwe lili pa paketi ndi za alimi eni ake.

Khofi wa kuno ndi wa mtundu wa Arabica, wokonda malo okwera ndi ozizira, kuyambira mamita 1,000 kupita m'mwamba. Nazale yake ndi yophweka poyerekeza ndi ya tiyi, chifukwa Arabica amadzipatsa yekha mungu ndipo njere zimatengera make. Amafesa njere zatsopano pa bedi la mchenga, mbali yafulati ikuyang'ana pansi, n'kuphimba ndi udzu. Njere ya khofi siichedwa kufa, choncho ya chaka chatha siidalirika. Pakatha milungu isanu ndi umodzi kapena isanu ndi itatu kamtengo kamatuluka katasenza njere yake kumutu, kenaka n'kutambasula timasamba tiwiri tozungulira. Nthawi yowokera m'machubu ndi imeneyo, ndipo cholakwa chofala kwambiri chimachitika pomwepo: kupinda muzu waukulu pouika m'dzenje losazama. Mbande ya muzu wopindika imakula bwinobwino, imawokeredwa, imafika pobereka, kenaka chaka cha zipatso zambiri imangouma mwini wake osadziwa chifukwa. Chidaipha ndi chala cha munthu wa pa nazale zaka zitatu zapitazo.

Kusankha mtundu nako ndi nkhani yomwe alimi amatsutsana. Catimor ndi wamfupi, amabereka msanga ndiponso kwambiri, ndipo amapirira dzimbiri la masamba. Koma ndi wadyera. Akasowa manyowa ndi feteleza amadzibereketsa mpaka nthambi kuuma, ndipo amakalamba msanga. Geisha, yemwe gwero lake ndi ku Ethiopia, ndi wamtali, wochedwa, wobereka mosapupuluma, koma amakhalitsa ndipo ogula a kunja amamufuna chifukwa cha fungo lake. Kwa mlimi wopanda ng'ombe kapena khola loti atapemo manyowa, kudzaza munda wonse ndi Catimor chifukwa chothamangira ndalama ndi kudzitchera msampha. Mdani wina woopsa ndi mbozi yoyera yoboola tsinde. Kachilombo kake kamaikira mazira pa khungwa chakumunsi kwa mtengo, mbozi n'kudya mozungulira pansi pa khungwa isanalowe m'kati. Chizindikiro ndi utuchi pansi pa mtengo ndi masamba achikasu. Alimi amasalaza khungwa la kutsinde kuti pasakhale poikira mazira, amasokosa mboziyo ndi waya, ndipo mtengo wogwidwa kwambiri amauzula n'kuutentha. Koma munda umodzi wosiyidwa m'mudzi umakwanira kudwalitsa minda ya onse, choncho ulesi wa mnansi pa khofi si nkhani ya iye yekha.

Mtengo wa khofi umapangidwa kapena kuwonongedwa m'masiku ochepa a kukolola. Zipatso sizipsa pamodzi, ndiye wothyola amabwerera pa mtengo womwewo kangapo m'miyezi yozizira, kutola zofiira zokhazokha. Madzulo a tsiku lomwelo zimafika pa malo opukusira. Poyamba amazithira m'madzi, zoyandama n'kuziwola chifukwa ndi mphwepwa kapena zobooledwa. Makina amachotsa khungu lofiira, n'kusiya njere zoterera ndi madzi okoma. Njerezi zimagona m'thanki usiku umodzi kapena kuposerapo kuti kuterera kuchoke, ndipo wodziwa ntchito safuna wotchi: amatapa njere m'dzanja n'kuzifikisa, zikalira khwekhwerere pakati pa zala ndiye kuti zakwana. Akachedwa maola ochepa khofi amanunkha chowawasa, ndipo njere zochepa zotere zimagwetsa mtengo wa thumba lonse. Akatsuka amayanika pa mathandala okwera, kutembenuza, kusankha, kuphimba dzuwa likatentha kwambiri kapena kukachita chifunga, mpaka chinyontho chitsike kufika pa 11 kapena 12 peresenti. Pamenepo khofi amapita ku Mzuzu kukamuchotsa chikhungwa chotsala ndi kumusankha m'magiredi. Makilogalamu asanu kapena asanu ndi limodzi a zipatso ndiwo amabala kilogalamu imodzi ya njere zokagulitsa.

Mosiyana ndi tiyi, khofi wouma amasungika, koma ndalama yake imabwera kamodzi kapena kawiri pachaka, ndipo nthawi zina imachedwa mpaka ogula a kunja atalipira. Mtengo wake umatsatira msika wa ku New York, komwe chisanu chikawononga minda ya ku Brazil mlimi wa ku Phoka amaseka, ndipo Brazil ikakolola zochuluka amalira. Zomwe zidachitika m'zaka zoyambirira za m'ma 1900 zidabwerezekanso. Mgwirizano wa mayiko wogawana msika wa khofi utasokonekera mu 1989, komanso mitengo itagweratu cha m'ma 2001, maesiteti ambiri a ku Thyolo ndi madera ena adazula khofi n'kudzala makadamiya, ndipo khofi wa dziko lino adatsika kutali ndi pomwe adafika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Esiteti ili ndi ndalama zozulira ndi kuyambiranso. Banja la ku Misuku lilibe, ndipo chomwe chimalipulumutsa m'zaka zoipa ndi nthochi, nyemba ndi ming'oma ya njuchi zomwe zili m'munda momwemo. Mlangizi amene amauza mlimi kuti adule nthochi zonse kuti khofi akwane wambiri amakhala akuwerengera chaka chabwino chokha.

Popeza pa kuchuluka sitingapikisane ndi Brazil kapena Vietnam, khomo lotseguka ndi la ogula omwe amalipira zambiri pa khofi wokoma wodziwika phiri lomwe wachokera. Ogula amenewa amalawa thumba ndi thumba, ndipo amabwerera komwe adapeza zabwino chaka chatha. Kuti abwerere, mitengo yokalamba iyenera kulowedwa m'malo chaka ndi chaka, ndipo vuto limeneli likukhudzanso tiyi, pomwe minda yambiri ya njere zakale ikufunika kuzulidwa pang'onopang'ono kuti mulowe mitundu yopirira ng'amba, poti masiku ano mvula imayamba mochedwa ndipo chiperoni sichidalirikanso ngati kale. Alimi ena amazula mizere ingapo chaka chilichonse m'malo mogwetsa munda wonse, kuti gawo lotsalalo lizibweretsabe ndalama pamene mbande zatsopano zikukula. Kuti atero amafunika mbande mazana angapo chaka ndi chaka, zokhwima pa nthawi yomwe mvula yakhazikika, pa mtunda woti n'kunyamula pamutu kapena pa njinga machubu osasweka. Nazale imodzi yaikulu ya ku boma siingakwanitse zimenezi. Zimatheka ndi manazale ang'onoang'ono a m'midzi, oyang'aniridwa ndi gulu lomwe limadziwa amene adadula tinthambi ndi munda womwe adatidula.